NYUMBA IMENE NDINAONA KU JONI NDI IMENE TIFUNA KUMANGA KU LIRANGWE

Anzanga ambiri pano pasukulu akhala akundifunsa kuti ndiwasimbire zimene ndinaona ku Johannesburg pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti 2024, ndipo ena ayembekeza kuti ndinena za nyumba zitalizitali za m'kati mwa mzinda, kapena za milu ya dothi lachikasu lotuluka m'migodi. Zonsezo ndinaziona ndithu. Koma pamene a Mkonzi a magazini yathu anandipempha kuti ndilembeko kanthu, ndinasankha kulemba za nyumba imodzi yokha, yosakula kwenikweni, pakuti nyumba imeneyo yautsa mkangano pabanja pathu umene kufikira lero sunathe.

Poyamba ndinene za kwathu. Ine kwathu ndi ku Lirangwe, pafupi ndi msewu waukulu wochokera ku Blantyre kunka ku Zalewa. Nyumba imene tikhalamo anamanga ndi agogo anga aamuna, amene pa unyamata wawo analembedwa ndi a Wenela nakwera ndege pa bwalo la Chileka lomweli, limene ife timaona ndege zake tili m'kalasi. Iwo anagwira ntchito m'migodi kufikira nthawi imene boma linaletsa kulemba anthu a Wenela, ndege ina itagwa ku Francistown m'chaka cha 1974 ndi kupha Amalawi oposa 70. Pobwera kumudzi anagula malata, namanga nyumba ya zipinda zitatu ndi khonde. Tsopano nyumbayo yakalamba, malata ake achita dzimbiri, ndipo Bambo anga, amene agwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga ku Johannesburg kwa zaka zisanu ndi zinayi, akhala akusunga ndalama pang'onopang'ono kuti amange ina. Anandiitana kuti ndikawaone, komanso kuti ndikaone ndi maso anga nyumba imene mtima wawo unakhumbira.

Za ulendo sindichulutsa mawu. Ndinakwera basi mu Blantyre, ndipo zinali zoseketsa kudutsanso pa Lirangwe pomwe ndinachokera m'mawa, ndi kuona Amayi ataima m'mbali mwa msewu alikugwedeza dzanja. Tinaoloka Shire pa Zalewa, tinatuluka m'dziko pa Mwanza, tinaoloka Zambezi ku Tete, tinalowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, ndipo titapyola Harare tinaoloka Limpopo pa Beitbridge. Titayenda masiku awiri tinafika pa Park Station, pamene ndinapeza Bambo alikundidikira ndi jekete m'manja, pakuti kunali kuzizira kumene ine sindinakumvepo chibadwire.

TSIKU LOKAONA NYUMBA

Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi Bambo anati, "Tiye ndikakuonetse nyumba yathu." Tinayenda pansi m'misewu ya mitengo yambiri ya dera lotchedwa Greenside, kufikira iwo anaima pa chipata china. Nyumbayo ndi ya anthu ndipo akhalamo, chotero sitinalowe. Tinangoima panja ndi kuyang'ana.

Kunena zoona, poyamba ndinakhumudwa. Ndinayembekeza kuona nyumba ya mfumu yokhala ndi zipilala zosemasema, koma ndinaona chinthu chonga bokosi, chosanja kamodzi kokha, chopanda chokongoletsa chilichonse. Makoma a m'mbali ndi mphepete ya pamwamba zinatulukira kutsogolo pang'ono, kotero kuti nkhope yonse ya nyumba inaoneka ngati chithunzi choikidwa m'felemu. M'kati mwa felemuyo munali njerwa zosapaka pulasitala ndi mazenera osiyana kukula kwake. Denga silinaoneke konse. Koma pamene ndinayang'anitsa ndinayamba kuona kuti palibe zenera limene linaikidwa mwangozi. Lililonse linali pamalo pake, ndipo mukadasuntha limodzi nkhope yonseyo ikadapotoka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Waiona?" anatero Bambo. "Yopanda denga losongoka ngati chipewa cha mfiti. Yathu ku Lirangwe idzakhala yotere, ndi magalasi aakulu kuyang'ana kumsewu, kuti wodutsa pa basi aziti, apa pali munthu amene anayendako."

Ine ndinati, "Inde Bambo, njokongola." Koma mumtima ndinafunsa kuti, kodi mvula ikagwa madzi amapita kuti?

MWINI MAPULANI AKE

Mayi wachikulire amene Bambo amamgwirira ntchito, atamva kuti tinapita kukaona nyumbayo, anandibwereka mabuku awiri a zithunzi, ndipo ndinawawerenga usiku uliwonse m'kachipinda ka Bambo. M'menemo ndinaphunzira kuti nyumbayo njotchuka pakati pa akatswiri olemba mapulani a nyumba. Anailemba ndi Rex Martienssen, amene anabadwa m'chaka cha 1905, naphunzira ndi kuphunzitsa pa Yunivesite ya Witwatersrand. Anaimanga kuti akhalemo iye mwini ndi mkazi wake, ndipo inatha m'chaka cha 1940. Zachisoni n'zakuti sanakhalemo nthawi yaitali, pakuti anamwalira m'chaka cha 1942 ali ndi zaka 37 zokha. Koma kamangidwe ka nkhope ya nyumba yake kanatsanzidwa ndi amisiri ambiri pambuyo pa Nkhondo Yachiwiri, makamaka pa nyumba zosanja za ku Hillbrow.

Martienssen ndi anzake ochepa, amene anatchedwa Transvaal Group, anali otsatira a katswiri wina wa ku Ulaya dzina lake Le Corbusier. Munthu ameneyu anabadwira ku Switzerland m'chaka cha 1887, nagwira ntchito yake yambiri ali ku Paris, ndipo anamwalira m'chaka cha 1965. M'chaka cha 1936 iye analembera Martienssen kalata yoyamikira achinyamata a ku Johannesburg aja, ndipo kalatayo inasindikizidwa kumayambiriro kwa buku la ntchito zake. Le Corbusier anali kusirira sitima za pamadzi, ndege ndi magalimoto, chifukwa pa zinthu zimenezi chiwalo chilichonse chili ndi ntchito yake, ndipo palibe chimene anachiikapo kuti chingokongoletsa. Iye anafuna kuti nyumba nazonso zikhale zotero.

CHIMENE CHINASINTHA KAMANGIDWE

Kuti timvetse maganizo amenewa tiyenera kudziwa za konkire ya zitsulo. Konkire payokha njolimba kwambiri mukaipsinja, koma mukaikoka kapena kuipinda imang'aluka msanga. Chitsulo ndicho chipirira kukokedwa. Tsono amisiri anapeza kuti akaika timitengo tachitsulo m'kati mwa konkire isanaume, ziwirizi zithandizana, ndipo atha kuumba mizati yowonda ndi madenga athyathyathya onyamula katundu wolemera. M'nyumba ya njerwa monga ya agogo anga, khoma ndilo lisenza denga, ndipo simungabooleko zenera lalikulu popanda kulifooketsa. Koma pamene mizati isenza zonse, khoma litsala ndi ntchito yotchinga mphepo ndi maso a anthu basi.

Pa chifukwa chimenechi, m'chaka cha 1927 Le Corbusier anafalitsa mfundo zisanu za kamangidwe katsopano. Yoyamba, nyumba iimikidwe pa mizati kuti pansi pake pakhale poyera. Yachiwiri, denga likhale lathyathyathya kuti pakhale dimba la maluwa ndi pokhala anthu. Yachitatu, makoma a m'kati aikidwe paliponse pamene mwini afuna, popeza sasenza kanthu. Yachinayi, mazenera akhale aatali chopingasa kuchokera ku ngodya ina kufika ku inzake, kuti kuwala kulowe mofanana. Yachisanu, nkhope ya nyumba ikonzedwe momasuka, posatsata pamene pali mizati.

Pamene ndinawerenga mfundo yoyamba ndinaseka ndekha, pakuti ndinakumbukira nkhokwe ya Amayi, imene iima pa miyala ndi mitanda kuti chinyezi ndi chiswe zisafike ku chimanga, ndiponso khola la nkhunda limene liima pa mitengo inayi. Ngakhale nsanamira za pakhonde la nyumba ya udzu zisenza mphepete ya denga popanda khoma. Makolo athu anadziwa zimenezi asanaone simenti.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Nyumba imene Le Corbusier anaonetsapo mfundo zisanu zonsezi itchedwa Villa Savoye, ndipo ili ku Poissy, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Paris. Anailemba pamodzi ndi msuweni wake Pierre Jeanneret, ndipo inamangidwa pakati pa 1928 ndi 1931. M'zithunzi ioneka ngati bokosi loyera loimikidwa pa timiyendo towonda pakati pa kapinga. Khoma la pansi anachita kulikhotetsa molingana ndi m'mene galimoto itembenukira, kuti mwini atsike pakhomo penipeni. M'kati muli njira yokwera pang'onopang'ono yopanda masitepe, yonka mpaka padenga.

Koma tamvani chimene chinachitika. Eni ake, banja la a Savoye, atalowamo anapeza kuti nyumbayo idontha. Mvula inali kulowa padenga ndi m'mazenera a pamwamba, makoma ananyowa, ndipo nthawi yachisanu kunali kovuta kuifunditsa chifukwa cha kuchuluka kwa magalasi. Mayi Savoye analembera Le Corbusier makalata odandaula zaka zingapo. M'chaka cha 1940 banjalo linachokamo, ndipo pa nthawi ya nkhondo munakhala asilikali a Germany, kenaka a America, amene anaiononga kwambiri. Pambuyo pake akuluakulu a mzinda anafuna kuigwetsa kuti amangepo sukulu, koma akatswiri a m'maiko ambiri anadandaula, ndipo m'chaka cha 1965 boma la France linaiika m'gulu la nyumba zotetezedwa. M'chaka cha 2016 bungwe la UNESCO linailemba, pamodzi ndi ntchito zina za Le Corbusier, m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi, momwe mulinso paki ya Nyanja ya Malawi kuyambira 1984 ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni kuyambira 2006.

Taonani tsono, nyumba imene anthu a maiko onse apita kukaiona, eni ake sanapezemo mtendere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindinena kuti Le Corbusier anali wopusa, iai. Anali kuyesa zinthu zimene amisiri a nthawi yake anali asanazizolowere. Koma a Savoye anali olemera, ndipo anali ndi nyumba ina ku Paris yothawirako. Bambo anga ali ndi ndalama za nyumba imodzi yokha, zimene anazipeza podzuka m'bandakucha zaka zisanu ndi zinayi.

JONI SI LIRANGWE

Nditabwerera kusukulu ndinapita kwa aphunzitsi athu a Jogalafe ndi mafunso anga, ndipo iwo anatenga mpira wa dziko nandionetsa zinthu zimene tinaphunzira kale m'kalasi, koma zimene ine ndinali kungoziloweza chifukwa cha mayeso.

Johannesburg ali pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene bwalo la ndege la Chileka lili pa mamita osakwana 800. N'chifukwa chake kumeneko m'miyezi ya Juni ndi Julayi madzi amaundana pa kapinga usiku, ndipo munthu akondwa dzuwa likalowa m'nyumba. Ndiponso mzindawo uli madigiri 26 kumwera kwa Ikweta, kotero kuti masana dzuwa likhala chakumpoto chaka chonse. Mmisiri wa kumeneko akaika galasi lalikulu kuyang'ana kumpoto, nthawi yozizira dzuwa lotsika lilowa ndi kufunditsa chipinda, ndipo nthawi yotentha, pamene dzuwa lakwera, kamphepete kakang'ono ka denga kakwanira kulitchinga.

Kwathu kuno zinthu n'zosiyana. Tili pakati pa madigiri 15 ndi 16, ndipo dzuwa lidutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. Mdani wathu si chisanu koma kutentha, ndipo aliyense amene anagonapo ku Lirangwe mwezi wa Okutobala adziwa chimene ndikunena. Galasi lilola kuwala kwa dzuwa kulowa, koma kutentha kumene kubadwa m'katimo silikulola kutuluka msanga. Puloti yathu ili kuvuma kwa msewu, ndiye kuti magalasi aakulu oyang'ana kumsewu adzayang'ana kuzambwe, kumene dzuwa lamadzulo lilasa chopingasa ndipo palibe mphepete ya denga imene ingalitchinge. Chipinda chochezera chidzasanduka uvuni wa njerwa.

Nanga mvula? Yathu igwa yambiri pa nthawi yochepa, kawirikawiri ndi mphepo. Denga lopendekeka litaya madzi msanga, ndipo likatulukira kunja mokwanira liteteza khoma ndi maziko kuti zisanyowe. Denga la konkire lathyathyathya lifuna simenti ndi zitsulo zambiri, lifunanso kumatidwa ndi phula kapena nsalu yoletsa madzi, imene dzuwa liiononga ndipo iyenera kukonzedwa patapita zaka. Tonse tikumbukira namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, pamene mvula inagwa masiku angapo osalekeza ndipo anthu oposa 1,000 anafa m'dziko muno. M'midzi yathu nyumba zambiri zinagwa chifukwa makoma anamwa madzi kufikira anafewa. Ya agogo inaima, ndipo ine ndikhulupirira kuti khonde lake linathandiza.

Aphunzitsi anandiuzanso kuti akatswiri a kamangidwe katsopano nawonso anaphunzira phunziro lomweli atafika ku maiko otentha. Le Corbusier pomanga mzinda wa Chandigarh ku India, kuyambira 1951, anaika zotchinga dzuwa zakonkire kutsogolo kwa mazenera, ndipo nyumba ya khoti lalikulu anaifunditsa ndi denga lachiwiri longa ambulera, kuti mphepo izidutsa pakati. Maxwell Fry ndi Jane Drew, amene anagwira naye ntchito kumeneko, anamanga koleji ya Ibadan ku Nigeria ndi makonde ndi makoma obooka olowetsa mphepo. Ndipo ife sitisowa kupita kutali. Nyumba ya Mandala mu Blantyre inamangidwa m'chaka cha 1882, ndipo iimabe mpaka lero m'kati mwa makonde ake otambalala.

MKANGANO WA PABANJA

Zonsezi ndinazilemba bwinobwino ndi kuwatumizira Bambo pa foni, ndi kachithunzi kamene ndinajambula m'kope langa la masamu: nyumba yaitali yoyang'ana kumpoto ndi kumwera, mazenera openyana kuti mphepo izidutsa, khoma la kuzambwe lokhala ndi kazenera kamodzi, denga la malata lopendekeka lotulukira kunja, ndi khonde lalikulu. Masiku atatu sanayankhe. Tsiku lachinayi anaimba, nati, "Ndakulipirira fizi kuti uzinditsutsa? Chimene wajambulachi ndi nyumba ya agogo ako yomwe ija. Anthu adzati ndinapita ku Joni kukatani?"

Mawu amenewa anandipweteka, koma nditaganiza ndinawamvetsa. Munthu amene wakhala zaka zambiri akusesa pakhomo pa eni, nagona m'kachipinda ka kuseri, afuna kuti tsiku lina akhale ndi chinthu chooneka ndi maso chonena kuti sanavutike chabe. Ndinayankha kuti, "Pepani Bambo, sindikukutsutsani. Ndingoopa kuti thukuta lanu lingathere pa kumata denga chaka ndi chaka."

Amayi, amene anali chete nthawi yonseyi, anafunsa funso limene ine ndi mabuku anga sitinaliganize. Anati, "Kodi nyumba yopanda khondeyo, mphale ndidzayanika pati mvula ikawaza? Nanga alendo a pamaliro kapena pachinkhoswe adzakhala pati? Mbaula ndidzaika pati?" Pamenepo ndinazindikira kuti ngati chiphunzitso cha akatswiri aja n'chakuti chiwalo chilichonse cha nyumba chikhale ndi ntchito yake, ndiye kuti Amayi ndiwo anachigwira bwino kuposa tonsefe, pakuti iwo ndiwo adziwa ntchito zimene zichitika pakhomo kuyambira m'mawa kufikira usiku.

Tsopano Bambo atsikako pang'ono. Za denga la konkire azisiya, atamva mtengo wake kwa amisiri a ku Lunzu, ndipo khonde alilola. Koma afuna denga lobisika, longa limene tiliona pa nyumba zambiri zatsopano m'mbali mwa msewu wa Chileka, pamene malata abisala kuseri kwa kakhoma kuti nyumba ioneke ngati bokosi. Ine ndidakali ndi mantha, chifukwa pa denga lotero madzi onse asonkhana m'ngalande ya kuseri kwa kakhomako, ndipo masamba a mango akatseka potulukira, madziwo asowa kopita nalowa m'nyumba. Khoma nalonso likhala pamvula popanda chofunda. Maziko akumbidwa kale, njerwa zili pabwalo, ndipo tagwirizana kuti za denga tidzamaliza Bambo akabwera pa Khirisimasi, titakhala pansi pamodzi ndi amisiri.

Sindidandaula kuti ndinapita kukaona nyumba ya Martienssen. Inandiphunzitsa kuti njerwa yamba ikongola ikayalidwa mwaluso, kuti kukula kwa zenera ndi malo ake zifunika kuziganizira, ndi kuti munthu ayenera kukhala pansi ndi pensulo asanagwire khasu lokumbira maziko. Zimenezo tingazitenge ndi kubwera nazo kwathu. Koma dzuwa ndi mvula za ku Greenside sitingazinyamule pa basi.

Pomaliza ndipempha anzanga ndi aphunzitsi amene kwanu kuli nyumba ya denga lobisika, kuti mundipeze ku hositelo ya anyamata kapena ku laibulale, mundiuze zoona zake za m'mene ikhalira m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, zabwino ndi zoipa zomwe. Ndifuna kukafika pamaso pa Bambo ndi umboni wa anthu, osati wa mabuku okha, ndipo ngati ndine wolakwa ndidzavomera. Paja safunsa anadya phula, ndipo ife sitifuna kudzagula phulalo chaka chilichonse.

Mnyamata wa Fomu 3